Chipani chimagwa, koma anthu ake sagwa

Chitulukireni zotsatira za chisankho cha pa 16 September 2025, pali mawu omwe sakuchoka pakamwa pa Amalawi a kuno ku Joni. Muwamva m'magulu a WhatsApp, muwamva pa Park Station anthu akudikira basi ya ku Blantyre, muwamva anthu akutuluka mumzikiti ku Mayfair Lachisanu ngakhale m'tchalitchi ku Rosettenville Lamulungu: "Amalawife sitidziwa chomwe timafuna." Onena mawuwa amati taonani, mu 2019 anthu anatha miyezi ali pamsewu kukana zotsatira za chisankho, khothi linafafaniza chisankhocho pa 3 February 2020, anthu anavotanso mu June n'kuchotsa a Peter Mutharika. Pangodutsa zaka zisanu, anthu omwewo awabwezera pampando ndi mavoti oposa 56 pa 100 alionse. Basi, akuti ndife mtundu woiwala msanga, wopanda mbali, wongotengeka.

Ine ndikukana. Wovota wa ku Malawi amadziwa bwino lomwe chomwe akufuna, ndipo mwa onse okhudzidwa ndi ndale zathu, ndi yekhayo amene akugwira ntchito yake. Mu 1994 anachotsa Kamuzu, munthu amene ankatchedwa pulezidenti wamuyaya. Mu 2014 anachotsa mayi Joyce Banda, omwe anathera pa nambala yachitatu ali pampando, nkhani ya Cashgate ikadali yamoto. Mu 2020 anachotsa a Mutharika. Mu 2025 anachotsa a Lazarus Chakwera atatopa ndi mizere ya mafuta, kusowa kwa ndalama zakunja ndi mtengo wa chimanga. Tayang'anani mayiko omwe basi yathu imadutsa popita kumudzi. Ku Zimbabwe ZANU-PF ili pampando chiyambire 1980. Ku Mozambique Frelimo ili pampando chiyambire 1975. Kuno komwe tikukhala, ANC inatha zaka 30 isanatsike pansi pa theka la mavoti, ndipo ngakhale itatsika mu 2024 upulezidenti sinausiye. Mlimi wa ku Ntcheu kapena wa ku Rumphi wachita kanayi zomwe mnzake wa ku Masvingo kapena wa ku Tete sanakwanitsepo n'kamodzi komwe. Akalonjezedwa chinthu amadikira, chikapanda kubwera amalanga.

Zoti waiwala nazonso si zoona. Pa pepala lovotera la 2025, mayina odziwika anali a pulezidenti amene analipo ndi a anthu awiri omwe anakhalapo kale pampandowo. Munthu wofuna kuchotsa boma, podziwa kuti wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti, anayang'ana amene anali ndi mphamvu zoligwetsa. Amenewo ndi masamu. Mavoti 56 pa 100 sangachokere ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe kokha, choncho nyimbo yakale yoti Mmalawi amavotera wakwawo basi sikukwanira kufotokoza zomwe zinachitika.

Funso loyenera ndi lina. Ngati wovota amalanga chonchi, bwanji chilango chake sichipweteka? Bwanji boma timasintha pafupipafupi koma mabasi obwera kuno sasiya kudzaza? Yankho langa n'lakuti kwathu kuli kusintha mbali kwa mitundu iwiri. Kwina kumachitika tsiku lovota, ndipo wochita ndi wovota. Kwina kumachitika mavoti atawerengedwa kale, ndipo wochita ndi amene wavoteredwa. Kwachiwiriku kumafufuta koyamba kuja. Mumachotsa chipani Lachiwiri, mwezi usanathe ena mwa anthu ake avala nsalu ina ndipo akhala kale mbali ya boma.

Sizinayambe dzana. Chisankho cha 1994 chitangotha, malemu Chakufwa Chihana, amene anagona m'ndende chifukwa cholimbana ndi ulamuliro wa MCP, anayamba wagwirana manja ndi MCP yomweyo, kenaka anawolokera kwa a Bakili Muluzi n'kukhala wachiwiri kwa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Anatuluka mu 1996 akudandaula za katangale, n'kubwereranso mu 2003. Malemu Gwanda Chakuamba anapikisana ndi Bingu wa Mutharika mu 2004 ali patsogolo pa Mgwirizano, anati mavoti ake abedwa, ndipo chaka chotsatira anali nduna ya zaulimi m'boma la Bingu yemweyo.

Koma chaka chomwe chinagumula mpanda wonse ndi 2005, ndipo pamenepa mpofunika tikhalepo pang'ono. Bingu analowa m'boma mu May 2004 pa tikiti ya UDF. Mu February 2005 anatuluka m'chipanicho n'kuyambitsa DPP. Chipani chomwe sichinali pa pepala lovotera chinadzuka chili cholamula, aphungu ochuluka a UDF, a zipani zina ndi oima paokha atakhamukirako. UDF, yomwe inapambana upulezidenti, inapezeka ili kotsutsa. Malamulo oyendetsera dziko lathu anali atayembekezera kale zoterezi. Gawo 65 limati phungu wosankhidwa pa tikiti ya chipani akachichoka mwa kufuna kwake, kapena akalowa chipani china chomwe chili m'Nyumba ya Malamulo, sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Bingu anatengera gawoli kukhothi kuti liunikidwe, ndipo mu June 2007 khothi la Supreme linati gawolo lilibe vuto, ndi lamulo ndithu.

Zomwe zinatsatira ambirife tikuzikumbukira. Aphungu okhudzidwa anathamangira kukatenga ziletso kukhothi. Otsutsa anati bajeti sikambidwa mpaka gawo 65 ligwire ntchito. Boma linati bajeti kaye. Mafumu, ophunzira a m'makoleji ndi mabungwe ena anaima ndi boma, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Makuponi a feteleza wotsika mtengo anali atayamba mu 2005, dziko likuchokera m'njala, ndipo chimanga chinali chitabereka. Ndani akanamvera za gawo lakutilakuti pomwe makuponi ali m'bajeti yomwe ikukanizidwayo? Bajeti inadutsa mochedwa, Nyumba ija inatha mu 2009 aphungu owoloka aja akadali m'mipando yawo, ndipo pa chisankho cha chaka chimenecho Bingu anakolola pafupifupi mavoti awiri mwa atatu alionse.

Sindingamunene mayi amene anasankha thumba la feteleza m'malo mwa gawo la malamulo lomwe sanaliwerengepo. Koma andale anatolapo phunziro pa zomwe zinachitikazo, ndipo sanaliiwale: lamulo likhoza kukhala pambali bola uli ndi chogawa.

Mu 2012 phunziroli linawatembenukira eni ake. Bingu anamwalira pa 5 April. Thupi lake litatumizidwa kuno ku South Africa, nduna zina zinaonekera pa kanema usiku n'kuuza mtundu kuti mayi Joyce Banda sangatenge mpando chifukwa anali atayambitsa chipani chawo. Pa 7 April mayiwo analumbira. Masiku ochepa okha, aphungu ndi akuluakulu a DPP omwe dzulo lake ankawanyoza anali atavala olenji wa PP. Ndipo DPP, yomwe inatha zaka ikuzemba gawo 65, inayamba kupempha sipikala kuti aligwiritse ntchito. PP itagwa mu 2014, ulendo unayambanso kubwerera komwe unachokera. A Uladi Mussa, omwe anthu anachita kuwapatsa dzina loti Chenjigolo, adutsa MCP, DPP, chipani chawo cha Maravi People's Party, PP, n'kubwereranso ku DPP ndi ku MCP. A Brown Mpinganjira adutsa UDF, NDA, PP, DPP ndi MCP. Malemu Sidik Mia anakhala nduna pansi pa Bingu, pansi pa mayi Banda ndi pansi pa a Chakwera. AFORD inali mu mgwirizano wa Tonse pochotsa a Mutharika mu 2020, ndipo mu 2025 mtsogoleri wake, a Enock Chihana, analandira kwa a Mutharika omwewo udindo uja anakhalapo bambo awo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma m'ndale zathu wa mapanga awiri ndiye amene savumbwa. Amavumbwa ndi amene anamuvotera.

Tsono timve mbali yawo, chifukwa nayo ili ndi mutu. Phungu aliyense wowoloka amanena mawu ofanana: "Anthu a kudera kwanga ndi mafumu andiuza kuti ndigwire ntchito ndi boma la lero kuti kubwere chitukuko." Timaseka tikamva zimenezi, koma bodza lake si lonse. Ku Malawi msewu, mlatho, mjigo, magetsi, ngakhale denga la sukulu zimaperekedwa ngati mphatso ya pulezidenti. Zimalengezedwa pa msonkhano wa chipani, amayi atavala nkhope ya mtsogoleri, mfumu itapatsidwa mpata wopempha mwaulemu. Dera lomwe lavotera kolakwika limadziwa kuti lidikira. Phungu wa kotsutsa amabwera kumudzi chimanjamanja, ndipo anthu ake samufunsa za malamulo omwe wathandiza kukonza. Amamufunsa bokosi la maliro, galimoto yonyamula wodwala, fizi ya mwana wa sekondale. Pa chisankho chilichonse aphungu oposa theka sabwerera ku Nyumba ya Malamulo. Munthu amene akudziwa kuti ali ndi zaka zisanu zokha, ngongole za kampeni zili pakhosi, saona chifukwa chozithera ali kumbali yopanda kanthu.

Pansi pa zonsezi pali chuma chathu momwe chilili. Anthu oposa 80 pa 100 alionse amakhala kumudzi ndipo amadalira khasu ndi mvula ya nyengo imodzi. Ndalama zakunja tikudalirabe fodya, mbewu yomwe dziko lapansi likuithawa. Mafakitale ndi owerengeka. Wolemba anthu ntchito wamkulu ndi boma, wogula katundu wamkulu ndi boma, wopereka makontirakiti a misewu, a feteleza, a mafuta ndi a mankhwala ndi boma. Wabizinesi amene anathandiza chipani chogwa amadziwa kuti ndalama zomwe boma lili nazo ngongole kwa iye zichedwa. Wandale amene watuluka m'boma alibe kwina kokadyera kofanana nako. M'dziko lotere kutsutsa boma ndi ntchito yosauka, ndipo anthu ochepa okha ndi omwe angaipirire zaka khumi.

Boma lenilenilo limachita chimodzimodzi likakhala pakati pa mayiko anzake. Kamuzu anakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la kuno mu 1967, atsogoleri ena a mu Africa akumunyoza, ndipo ngongole ya South Africa ndi yomwe inayambitsa kumanga likulu la Lilongwe. Mu 1971 anabwera kuno kudzacheza monga mlendo wa boma. Bingu anasiya Taiwan kumapeto kwa 2007 n'kugwira China, ndipo posakhalitsa tinaona nyumba yatsopano ya Malamulo, msewu wa Karonga–Chitipa, yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi bwalo lalikulu la mpira ku Lilongwe. Aphungu amakambira gawo 65 m'nyumba yomwe inamangidwa chifukwa dziko lonse linasintha mbali.

Ndiye wina anganene kuti ngati gwero lake ndi umphawi, lamulo silingathandize, tidikire chuma chikule. Ife a kuno tili ndi mwayi woona mbali zonse ziwiri za mtsutsowu, chifukwa South Africa inayesa zonse. Kuyambira 2002 malamulo a kuno ankalola aphungu ndi makhansala kusintha chipani pa masiku ena oikika osataya mpando. Anthu zinawanyansa, ndipo mu 2009 mwayiwo unathetsedwa. Lero phungu wa kuno akachoka chipani, mpando amausiya. Lamulo limenelo limagwira ntchito, palibe sipikala amene amalikhalira.

Koma taonani mzinda womwe tikukhalawu. Chichokereni ANC pa ulamuliro wa yokha mu 2016, Johannesburg yasintha meya kochuluka moti ambiri aife sitingatchule onse motsatana: Herman Mashaba, Geoff Makhubo, Jolidee Matongo, Mpho Moerane, Mpho Phalatse, Dada Morero, Phalatse kachiwiri, Thapelo Amad, Kabelo Gwamanda, kenaka Morero kachiwiri. Ena mwa iwo anachoka chifukwa cha imfa, koma ambiri anachoka chifukwa mgwirizano wa zipani unasweka. Mu 2023 chipani cha Al Jama-ah, chokhala ndi mipando itatu yokha mwa 270, chinapereka meya kawiri, chifukwa zipani zazikulu zinkafuna munthu woti akhale pampando izo zikugawana maudindo. Khansala payekha sawoloka, chimawoloka ndi chipani chonse, usiku umodzi. Zotsatira zake timaziona ndi maso: mipopi youma masiku angapo, marobothi osayaka, msewu wa Lilian Ngoyi womwe unaphulika mu July 2023 n'kukhala wotsekedwa nthawi yaitali, ndi nyumba ya Usindiso ku Marshalltown yomwe inapsa pa 31 August chaka chomwecho n'kupha anthu 76, Amalawi anzathu ali momwemo. Nyumbayo inali ya khonsolo, ndipo khonsolo yotanganidwa ndi kuwerenga mavoti ochotsera meya inalibe nthawi yoiyang'ana.

Choncho Joni akutiphunzitsa kuti kutseka khomo limodzi sikokwanira. Pomwe pali makontirakiti a boma ogawana, kukhulupirika kumatsata makontirakitiwo, dziko likhale lolemera kapena losauka. Koma akutiphunzitsanso china chomwe timachiiwala. Kuno andale akhoza kusokoneza khonsolo, koma munthu wosamalira maluwa ku Randburg, wosoka ku Fordsburg, wowotcherera zitsulo ku Booysens, salipidwa ndi khonsolo ndipo safunsidwa khadi la chipani. Pali chuma chomwe chimayenda popanda chilolezo cha wandale. N'chimene chinatibweretsa. Kwathu chuma chotere n'chochepa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti munthu sangamange fakitale pamalo pomwe malamulo a ndalama zakunja, a misonkho ndi a kugulitsa mbewu kunja amasintha malinga ndi amene ali pafupi ndi mpando chaka chimenecho. Kudikira kuti chuma chikule kaye ndale zidzakonzeke pambuyo n'kudzinamiza, chifukwa ndale zomwezo ndizo zikuchipanikiza.

Ife a kuno tisadziyese oonerera chabe. Njira ya ku Joni ndi yakale kuposa mbendera yathu. Agogo athu anabwera ndi Wenela, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno. Kamuzu anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha anyamata athu oposa 70. Unayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, n'kutha mu 1988 pa mkangano woyeza magazi. Nthawi imeneyo boma linkasaina mapangano ndipo linkapindula ndi ndalama za anthu ake. Lero timabwera patokha, ndi chidindo cha masiku 30, ena n'kuthera ku Lindela, komwe amatsekera obwera asanawabweze kwawo. Tinaona zipolowe zolimbana ndi obwera za 2008 zomwe zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, tinaona mabasi a boma akudzatenga anthu mu 2015, taona gulu lothamangitsa obwera la Operation Dudula. Ndipo anthu akubwerabe. Munthu amene wasankha kukhala mwamantha ku Diepsloot kusiyana n'kukhala kwawo wanena maganizo ake pa za chuma cha dziko lake momveka kuposa wina aliyense.

Chomwe chimamuthamangitsa chimaoneka pa kwacha. Mu May 2012 dola imodzi inachoka pa K167 kufika pa K250 tsiku limodzi. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, mpaka mtengo wa kubanki unafika cha m'ma K1,750, wa pamsewu uli kutali kuposa pamenepo. Wotumiza ndalama pa Mukuru amaona ngati marandi ake akukula, mpaka tsiku lomwe amayi aimba foni kunena mtengo wa feteleza. Tonse inalonjeza thumba pa K4,495, ntchito 1 miliyoni ndi kudya katatu pa tsiku. Pofika nthawi ya chisankho, thumba la m'sitolo linali litapitirira K100,000. Zipani zinayi zalamulira chichokereni 1994, chilichonse chinalowa chikunena kuti chapeza zinthu zitaonongeka, ndipo m'chilichonse munali anthu omwe anali nawo m'boma lomwe akuti linaonongalo. Ndani tsono angaimbidwe mlandu? Wovota akaloza chala, amapeza kuti munthu uja wasamuka kale, ndipo naye akuloza chala komwe wachoka.

Apa ndipomwe pagona nkhani kwa ine. Kuwoloka kwa andale kumaba mavoti, inde, koma choipa kwambiri n'chakuti kumachotsa mwini wa cholakwa. Chipani chikagwa chimayenera kukhala kunja zaka zisanu, anthu ake amve kuwawa, adzifunse pomwe analakwitsa, akonze mfundo. Cholowa chimayenera kudziwa kuti chikalephera nacho chidzagona panja. Pomwe aliyense akudziwa kuti akhoza kutsetsereka n'kulowa m'boma lililonse, palibe amene amaopa kuluza, ndipo munthu wosaopa kuluza alibe chifukwa cholamulira bwino. Ndiye musadabwe kuti ndondomeko zathu za chitukuko, kuyambira Vision 2020 mpaka Malawi 2063, zimakoma pa pepala pokha. Palibe amene mkate wake umadalira kuti zitheke.

Nafenso kuno tili ndi mlandu wathu. Zipani zonse zikuluzikulu zili ndi otsatira ake mu Gauteng, ndipo aliyense amene wakhalitsa akudziwa momwe magulu amenewa amafufumira chipani chikalowa m'boma n'kuphwa chikatuluka. Nduna ikabwera kudzacheza, holo imadzaza ndi anthu ofuna kujambulitsa nayo, wina akuyembekeza ntchito ku ofesi ya kazembe, wina kontirakiti yotumiza katundu. Amene ankatukwana pa Facebook atavala zofiira, lero akutukwana atavala buluu. Sitivota, chifukwa dziko lathu silinakonze zoti nzika zake zivotere kunja, ndipo ndi ochepa angakwanitse kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza kukalembetsa, kenaka kubwereranso kukavota. Koma mawu athu amalemera kumudzi. Amene amatumiza ndalama ya feteleza akaimba foni, anthu amamvera. Timagwiritsa ntchito mphamvu imeneyi kuuza abale mtundu wa nsalu yoti avale, m'malo mowauza funso loti amufunse wofuna mpando akabwera pabwalo la mfumu: kodi mukapambana chipani chanu n'kuluza, mukhala mbali iti?

Zoyenera kusintha sizobisika, ndipo zina zinalembedwa kale. Malamulo athu a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu analifufuta mu 1995, chaka chimodzi chokha atalowa. Libwerere. Gawo 65 lili ndi zibowo ziwiri. Choyamba, limasiya nkhani m'manja mwa sipikala, amene naye ndi wandale wosankhidwa ndi aphungu omwewo. Chachiwiri, oima paokha amadutsa mosavuta, ndipo si ochepa: mu 2014 analipo 52, mu 2019 analipo 55 mwa mipando 193. Ambiri a iwo ndi anthu a zipani omwe analuza kapena kuberedwa pa mapulaimale, ndipo akangolumbira amalengeza kuti agwira ntchito ndi boma. Munthu amene anauza anthu kuti alibe chipani, anthu n'kumusankha pa chifukwa chimenecho, akalowa chipani wasintha chomwe anagulitsa. Naye abwerere kwa ovota.

Ena amati pali zifukwa zabwino zochokera m'chipani, ndipo n'zoona. Mayi Joyce Banda anachita kuchotsedwa mu DPP mu 2010. Malemu Saulos Chilima anachoka mu 2018 akunena za katangale, ndipo anapita kukapempha mavoti pa dzina la UTM. Chipani chikhoza kuola munthu ali momwemo. Palibe amene akuti phungu akhale kapolo wa chipani. Achoke, koma mpando ausiye, akaime pa chisankho chapadera ndi nsalu yake yatsopanoyo. Ngati n'zoona kuti anthu ndi mafumu ndiwo amutuma, akuopanji? Apambana mosavuta. Zoti zisankho zapadera zimadya ndalama nazo n'zoona, koma aphungu akadziwa kuti kuwoloka kumatanthauza kampeni yatsopano, owoloka adzachepa okha.

Chovuta kwambiri ndi kuchotsa chitukuko m'thumba la wandale. Kuchokera 2005 mpaka 2014 dziko lathu linalibe makhansala, chifukwa maboma ankangozengereza chisankho chawo. Zaka zimenezo ndi zomwe thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) linayamba ndi kukula, ndipo anthu anazolowera kuti chitukuko chimabwera ndi phungu. Mu 2025 khothi linagamula kuti aphungu sayenera kukhala ndi dzanja pa kayendetsedwe ka thumbali, popeza ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondola momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama. Chigamulo chimenecho n'chofunika kuchiteteza kuposa momwe ambiri akuganizira. Ndalama za m'maboma zikamapita ku makhonsolo potengera chiwerengero cha anthu ndi umphawi wa dera, pa nthawi yake, posayang'ana kuti deralo linavotera ndani, mawu aja oti "ndikutsata chitukuko" adzatha ntchito. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kale kugawa ndalama ndi zinthu pofuna mavoti, ndipo limafuna kuti zipani ziziulula omwe amazipatsa ndalama zambiri. Aliyense amene anali kumudzi nthawi ya kampeni anganene yekha ngati linatsatidwa.

Ndikudziwa chomwe achimwene ena ayankhe: amene ayenera kusintha malamulowa ndi aphungu omwewo opindula nawo, ndiye iwalani. Pa Nyumba ya Malamulo akunena zoona. Koma tayang'anani komwe zinthu zasunthirapo m'zaka zapitazi. Gawo 65 linapulumuka kukhothi mu 2007. Chisankho cha Tippex cha 2019 chinagwa kukhothi, ndipo zoti pulezidenti azipambana ndi mavoti opitirira theka zinachokera m'chigamulo chomwecho, aphungu atakana bilu yake mu 2017. Za CDF zachokeranso kukhothi. Ngakhale bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti inagwa mu 2002 chifukwa mipingo, maloya ndi anthu wamba anaunjikana mpaka aphungu ena anachita mantha. Palibe chimodzi mwa izi chomwe andale anapereka mwa kufuna kwawo.

Mlandu woti wovota wa dera linalake akakakamize sipikala kuchita zomwe gawo 65 likunena umafuna munthu wa m'deralo wolimba mtima, loya, ndi ndalama zolipira loyayo mpaka ku apilo. Munthu wa m'deralo ndi mchimwene wathu kapena mlongo wathu. Ndalama ndi zomwe kumudzi kulibe. Kuno, Mmalawi akamwalira ku Tembisa kapena ku Cosmo City, masiku ochepa okha anthu a kwawo amakhala atasonkha marandi okwanira bokosi, mapepala ndi galimoto yodutsa mayiko atatu, aliyense dzina lake ndi zomwe wapereka zitalembedwa pagulu. Magulu amenewa ali ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo ambiri ayenda zaka popanda kusokonekera. Gulu la anthu a boma limodzi, a ku Mangochi kapena a ku Mzimba kapena a ku Nkhata Bay, likhoza kutsegula thumba lina pambali pa la maliro, n'kulembera phungu wa kwawo kalata yomudziwitsa kuti thumbalo lilipo ndi ntchito yake.